Dimba la Nangondo ndi Mano a Yotamu

Amene anadya dimba la Nangondo ndi Yotamu Gwaza, mng'ono wa malemu amuna ake, ndipo amene anamugwirira mbale pamene ankadya ndi Sajeni Kalindiza wa polisi ya pa Dikirani, mu ufumu wa Bweranimawa. Mayinawa ndawatchula dala, kuti wina asadzanene mawa kuti dimbalo linakokoloka ndi madzi.

Nangondo anapita kwa a Gwaza chitengwa ali mtsikana. Malowo anawapeza ali bango lokhalokha m'mbali mwa mtsinje, opanda wowafuna. Iye ndi amuna ake, a Welosi, anazula bangolo ndi manja, nasenza manyowa pamutu dengu ndi dengu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka dothi linada bii, loti ukaponda phazi limalowa lokha. Munkatuluka mpiru, anyezi, tomato, ndi chimanga chachiwisi mu Okutobala anthu ena akupempha gaga. Ana anayi anakulira m'dimba limenelo.

A Welosi anamwalira Lachiwiri, anaikidwa Lachinayi. Lolemba lake Nangondo anatsikira kumtsinje ndi khasu, duku lakuda lili kumutu, napeza amuna aganyu asanu ndi atatu ali m'dimba ndi zikombole, akuponda matope. Yotamu anali ataima pachulu, manja kumbuyo.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Chitukuko, alamu. Mpiru umafota, njerwa siifota."

"Dimba ili ndi la ana a achimwene anu."

"N'chifukwa chake ndikuwasungira mu uvuni. Panja pano likhoza kubedwa."

Nangondo sanatukwane. Anabwerera, nasamba, nayenda pansi kupita ku khothi la pa Tidzamva. Ndipo khothi ndisalinamizire, linamumva. Woweruza anafunsa mafunso atatu, nalemba chiletso chakuti Yotamu Gwaza asiye kukumba dothi m'dimbalo nthawi yomweyo. Anadindapo chidindo chofiira cha mfumu. Nangondo analigwira pepalalo ngati khanda, nkuganiza kuti nkhani yatha.

Kalaliki wa khothi ndiye anamukoka pambali. "Pepala ili, mayi, panopa lili m'tulo. Limadzuka likakhudza chikhatho cha mwini dzina, ndipo wolikhudzitsa akhale wapolisi, chisoti chili kumutu. Pakatha masiku makumi atatu lisanadzuke ndiye kuti lafera kutulo. Mudzayambirenso."

"Nanga ndikamupatsa ndekha?"

"Likhala pepala wamba. Akulungira fodya."

Ku polisi ya pa Dikirani anapeza Sajeni Kalindiza atakhala pakhonde, nsapato atavula, lamba atamasula. Anali munthu wa thupi lake, wofatsa, wa ulemu wambiri. Pabwalo panali galimoto ya polisi yotsukidwa bwino, ikuwala.

"Galimotoyo sipita, mayi," anatero Sajeni atawerenga pepalalo kawiri. "Mafuta amene boma limatipatsa ndi otsetserekera. Pepala likamachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndiye kutsetsereka kumeneko, galimoto imalira yokha. Lanuli likukwera mtunda."

"Koma bwana, kudimba n'kumtsinje. Njira yonse ndi yotsetsereka."

"Sitiyang'ana msewu, mayi. Timayang'ana mayina."

M'mawa mwake Nangondo anabwera ndi njinga ya malemu amuna ake, naiimika pamaso pa Sajeni. Sajeni anayamikira njingayo, nati iye sangapalase. Lamulo limati pepala lokhala ndi chidindo cha mfumu ligwiridwe ndi manja awiri, ndiye chiwongolero agwira ndi chiyani? Choncho mzimayi wa zaka makumi asanu ndi zitatu anakwinya chitenje, nakwera, Sajeni nakhala pakeliyala, pepala ali nalo patsogolo ngati thireyi ya mazira. Tayala lakumbuyo linkalira njira yonse. Anthu m'mudzi ankatuluka kudzaona, ena nkumafunsa ngati Sajeni akupita naye kuchipatala.

Atatsala pang'ono kufika, anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa chopingasa panjira.

Aliyense amadziwa masamba apamsewu. Akayalidwa ndiye kuti pali zovuta, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Ku Bweranimawa kuli lamulo lakalekale lakuti pakati pa masamba a maliro sipadutsa pepala la boma. Akuluakulu amene analiika ankafuna kuti namfedwa asamakokedwe pasiwa misozi ili m'maso. Linali lamulo labwino, lisanagwe m'manja mwa anthu a mtundu wa Yotamu.

Sajeni anatsika, navula chisoti, napana pepala kukhwapa. Analowa mwakachetechete. Aganyu anali kalikiliki kukumba, njerwa zoyamba zitayanikidwa padzuwa, ndipo Yotamu anali pachulu paja atazolika, dzanja lili patsaya.

"Wamwalira ndani?" anafunsa Nangondo.

Yotamu anadzutsa nkhope pang'onopang'ono. "Achimwene anga, alamu. Mwaiwala kale?"

"Maliro a amuna anga anatha sabata yatha. Inuyo simunagone n'komwe pasiwa."

"Anatha kwa inu obwera. Ife apamimba imodzi tikadalira."

Sajeni ananjuta, namugwira Yotamu dzanja lamanja ndi manja ake onse awiri, chikhatho chomwecho chimene pepala linkafuna, nati, "Pepani ndi zovutazi, bambo." Sajeni anapatsidwa mpando ndi chimanga chootcha chothyoledwa m'dimba momwemo. Atatha kudya anatulutsa kabuku nalemba kuti: Tinapita, tinapeza zovuta. Ndipo Nangondo anamupalasa kubwerera naye, ulendo uno chokwera mtunda weniweni.

Anapitanso Lachisanu, anapitanso Lolemba. Masamba ankasinthidwa m'mawa uliwonse, atsopano. Ulendo uliwonse Nangondo ankapeza dzenje litakula. Mbali ya anyezi inapita sabata yoyamba. Ya tomato inatsatira.

Anaganiza zokamudikirira kumsika, poti munthu sangakhale kudimba moyo wake wonse. Yotamu anabweradi, koma anabwera ndi aganyu awiri, wina patsogolo wina pambuyo, aliyense atanyamula nthambi. Iye akaima, iwo ankayala pansi. Akayenda, ankatola. Anagula nyama ya mbuzi ali pakati pa masamba, namwa thobwa ali pakati pa masamba, Sajeni akutsatira pambuyo chisoti chili m'manja.

Nasoko, mayi wogulitsa tomato amene ankapikula kwa Nangondo kuyambira kale, anayang'ana zimenezi atagwira m'chiuno. "Anzanga, a Welosi anali ndi mwayi. Ali moyo mng'ono wawo sanawapatseko ndi sopo yemwe, lero akuwalira mpaka ku bucha."

"Chikondi chimenecho," anayankha wogulitsa makala. "Ine ndikafa mudzandilirire chomwecho, muli ndi kanyenya pakamwa."

Nzeru yoipa imathamanga kuposa yabwino. Mwezi usanafike pakati, aliyense wa mimba yaikulu amene anali ndi chisamani cha khothi anali atakumbukira m'bale wake wakufa. Wina ankalira agogo ake amene anamwalira chaka cha dzombe. Wina ankalira mapasa a azakhali ake amene iye sanawaonepo. Nduna za mfumu zinamangirira nthambi kutsogolo ndi kumbuyo kwa magalimoto, moti galimoto yonse inali siwa yoyenda. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inatsala mbulanda. Mbuzi zinaphunzira kuti chakudya chili kwa akuluakulu, zinkatsatira nduna mpaka pakhomo la ofesi.

Mbuzizo n'zimene zinamupatsa Nangondo maganizo. Anabwereka zisanu ndi ziwiri kwa Nasoko, nazigoneka ndi njala, nazikusa kupita kudimba, Sajeni akubwera pambuyo wapansi akudandaula mawondo. Mbuzi zinagwira ntchito imene boma linalephera. Posakhalitsa panjira panatsala timitengo tokhatokha.

"Bwana, masamba palibe. Valani chisoti."

Sajeni anawerama, natola kamtengo, nakatembenuza. "Apa pavuta, mayi. Lamulo likunena masamba, koma silinena kuti nthambi yodyedwa ndi maliro kapena ayi. Ndikafunse kulikulu."

Yankho la kulikulu linatenga masiku asanu ndi limodzi, ndipo linati funsolo alilandira. Pamenepo n'kuti Yotamu atasiya nthambi za mango, akuyala nkhadze. Mbuzi zinanunkhiza kamodzi, nizibwerera zokha kwa Nasoko.

Nkhani inafika ku nyumba ya mfumu chifukwa cha fumbi. Azakhali a Mfumu Chagonapo Wachitatu anamwalira, maliro enieni, masamba anayalidwa, koma oyendetsa magalimoto anali atatopa ndi kuima paliponse, ankangodutsa liwiro. Fumbi linalowa mu ndiwo za olemekezeka. Mfumu inakwiya, niitanitsa bwalo lalikulu.

Nduna zinabwera zonse, iliyonse ndi kanthambi m'thumba la jekete. Zinakambirana masiku atatu. Nduna ya Zamitengo inati vuto ndi mitengo, idulidwe yonse. Nduna ya Zamalamulo inati vuto ndi makhothi amene akulemba mapepala ochuluka kuposa akufa. Wina wachinyamata anaimirira nati, bwanji maliro azitha munthu akaikidwa m'manda? Anzake anamuyang'ana mpaka anakhala pansi yekha, ndipo sabata yotsatira anatumizidwa kukayang'anira zitsime kumalire.

Tsiku lachitatu mfumu inadzuka, nilamula chonchi: masamba azigwirabe ntchito, koma pokhapokha nkhope ya mwini masamba ili yachisoni. Wapolisi akaona munthu akuseka, nawerenga mokweza mano asanu ndi limodzi, maliro atha pomwepo, avale chisoti apereke pepala. Inakhazikitsanso Unduna wa Zachisoni woti uziyeza nkhope. Nduna ina yokalamba, yopanda mano akutsogolo, inaombera m'manja mpaka kukhetsa misozi.

Lamulolo linawerengedwa pamsika ndi chimkuzamawu. Linali ndi masamba anayi, koma wowerengayo analekeza pa tsamba lachiwiri chifukwa mabatire anatha.

"Ndiye kuti tsopano boma lilowa m'kamwa," anatero wamakala.

"Linali kale m'kamwa," anatero Nasoko. "Unkayesa amene amakulanda nthongo ndi ndani?"

Kwa wozula mano kunayamba mzere wa magalimoto a masamba. Yotamu sanazulitse, ankawakonda mano ake, oyera, andendende. Iye anapeza njira ina. Ankayenda ndi tsabola wa kambuzi m'thumba, akaona njinga ya Nangondo ikubwera nkuponya awiri m'kamwa. Misozi inkatsika, mamina nkutsatira, Sajeni mpaka ankamusisita pamsana.

Amayi a pamsika anayesetsa kuti Yotamu aseke. Nasoko anamutsanzira mayendedwe a Sajeni akamatsika njinga. Wina anamuimbira nyimbo zapamtondo zoti sindingazilembe pano. Wina anadzigwetsa dala ndi dengu la mazira owola. Aganyu ankagubuduka ndi phwete, Sajeni yemwe ankaseka mpaka kutsokomola, koma Yotamu anali ndwii, kutafuna kambuzi, kulira achimwene ake.

Mbali ya chimanga inapita. Chitsime chimene a Welosi anakumba chinasanduka pakati pa dzenje. Mauvuni anali anayi tsopano, ndipo ngolo zinkabwera m'mawa uliwonse kudzatuta.

Linafika tsiku la makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Nangondo anadzuka miyendo itatupa. Anatenga ndowa yachitsulo, naikoleka pa chiwongolero, napita ku polisi monga mwa masiku onse. Sajeni anali atanenepa mwezi umenewo, ndipo anamuuza mokoma mtima kuti akumuona kuwonda, azidya mokwanira. Anakwera. Podutsa pamsika Nasoko anaona ndowa ija, nafunsa, koma Nangondo anangopitirira kupalasa. Nasoko anafundika tomato wake ndi chiguduli, nakodola anzake, natsatira pambuyo.

Pofika kudimba Nangondo anaima pamphepete nayang'ana. Dzenje linali lakuya kupitirira munthu, pansi pake dothi lofiira ngati chilonda. Kunatsala kachigawo kamodzi kungodya, kukula kwake ngati mkeka, pamene panali nazale ya mpiru. Aganyu anali atayamba kale kunola makasu pambali pake.

Ena amati inali nzeru yake. Ayi. Ine ndikunena kuti mzimayi uja mphamvu zinamuthera. Analibenso pepala m'mutu mwake, kapena khothi, kapena mano a munthu. Anatsitsa ndowa, nadumpha nkhadze, nagwada m'matope pamaso pa mlamu wake, naomba m'manja monga amachitira mkazi wachitengwa kwa eni mudzi.

"Alamu, mwapambana. Dimba ndi lanu. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mundigawireko dothi lakudali ndowa imodzi, ndikadzalemo mpiru kuseri kwa nyumba. Ana azikaonako kumene bambo awo anathera msana."

Yotamu anamuyang'ana. Mkazi amene anamutengera kukhothi, amene anamukusira mbuzi, anali chogwada kupempha dothi lake lomwe ndi ndowa. Tsaya linayamba kunjenjemera. Anapisa m'thumba kufuna kambuzi, koma anachedwa. Chinaphulika chiphwete chochokera m'mimba, mutu chagada, pakamwa yasa, kutembenukira kwa aganyu kuti nawonso aone.

Sajeni anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Koma Nasoko anali ataima kale pambali pake.

"Bwana, dzino limodzi ilo."

"Awiri," anatero amayi ena pambuyo.

Anawerenga onse pamodzi ngati ana asukulu, mokweza, aganyu ena nkulowererapo. Sajeni anaona kuti mboni zachuluka. Anatsatira ndi mawu ang'onoang'ono mpaka pa chisanu ndi chimodzi, navala chisoti, nasolola pepala kukhwapa, lonyowa ndi thukuta la mwezi wathunthu, naliika m'chikhatho cha Yotamu.

"Pepani, bambo," anatero. "Ndi ntchito."

Chiletso chinadzuka. Makasu anaikidwa pansi. Boma la Bweranimawa linapulumutsa dimba la Nangondo, kachigawo kokwana mkeka umodzi, pamphepete pa dzenje. Sajeni analemba m'kabuku kuti lamulo la khothi latsatidwa lonse lathunthu, nafunsa ngati mayi ali okonzeka kumubweza, popeza dzuwa linali litakwera.

Yotamu sanakangane. Anapinda pepala, napita kuseri kwa uvuni ndi foni yake.

Nangondo anali asanathe kupukuta matope m'mawondo pamene kunamveka kulira kwa galimoto. Inali ya polisi ija, yowala ija, ikutsika ndi liwiro, kudumpha nkhadze osaima n'komwe. Munatsika apolisi anayi ndi bambo wina wa tayi wochokera ku Unduna wa Zachisoni. Anali ndi chisamani, inki yake isanaume. Mlandu wake: kuseketsa wamaliro pakati pa masamba. Unali pa tsamba lachinayi la lamulo lija, kumene mabatire sanafike.

"Mayiwa ndiwo namfedwa weniweni," anatero Nasoko. "Simukuona duku? Manda a amuna awo sanatitimire n'komwe. Ndipo aima pakati pa masamba omwewo."

Bambo wa tayi anavala magalasi, nayandikira, namuyang'ana Nangondo kumaso kuchokera kumanja ndi kumanzere. Anamuuza kuti atembenukire kudzuwa.

"Nkhope iyi si yachisoni," anatero. "Ndi yaukali. Ukali mulibe m'lamulo."

Wapolisi anatambasula pepala. Nangondo akanatha kubisa manja kumbuyo, akanatha kufumbata, akanatha kuthawira m'bango. Koma mayi ake anamulera kuti munthu wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, mawondo utapinda. Manja anapita okha. Pepala la Yotamu linayenda masiku makumi awiri mphambu asanu ndi anayi pamsana pa Nangondo. Lakelo linamupeza ndowa yake ikadali yopanda kanthu.

Galimoto inabwerera, Sajeni atakwera kutsogolo. Nangondo anakhala pansi pa kachigawo kake, nayamba kuzula udzu pakati pa mbande za mpiru, chifukwa zinali zitatha masiku osapaliridwa.

Mlandu wake ulowa Lolemba ku Tidzamva. Njerwa zija zinapita kale. Zina zinamanga mpanda wa Unduna wa Zachisoni, zina zili m'matauni, ndipo sindikudziwa ngati khoma mwatsamiralo pamene mukuwerenga izi silinali mbali ya anyezi.

Tsono inu odziwa malamulo, inu amene mumati munthu asadzitengere lamulo m'manja, apite kukhothi: wapita. Wapalasa. Wagwada. Musabwere ndi pepani, pepani wamumva mwezi wonse kuchokera pakeliyala. Ndiuzeni chimodzi chokha. Lolembalo akakaima pamaso pa woweruza, mzimayi amene dimba lake linaotchedwa iye akuona, avale nkhope yanji kuti boma limuone kuti waferedwa? Ndiyankheni, ndikufuna ndikamuuze lisanafike Lolemba.